Mudzafuna ndalama zingati pamwezi mukadzapuma pa ntchito?

Mukafunsa anthu funso limeneli, ambiri amayang'ana m'mwamba pang'ono kenako n'kutchula nambala yongotola m'mutu. Wina amati theka la malipiro ake lidzakwana. Wina amangoti penshoni ilipo, nkhani n'kuthera pomwepo. Komatu zaka zimene munthu amakhala atapuma pa ntchito zimatha kukwana 20 kapena 30, ndipo pa zaka zonsezo palibenso bwana woti mudzamudandaulire kuti akukwezereni malipiro. Nkhanga zinapangana kusanapse. Kuwerengera kwake sikufuna masamu apamwamba ayi. Pamangofunika kope, cholembera, kalkuleta ya pafoni ndi mtima wosadzinamiza.

Alangizi a zachuma ali ndi njira yachidule imene mwina munaimvapo: amati mudzafuna pakati pa 70 ndi 80 peresenti ya malipiro amene mudzakhale mukulandira pomaliza ntchito. Kumbali ina, bungwe loona za apantchito padziko lonse la ILO, m'pangano lake nambala 102 la mu 1952, linaika kuti penshoni ya munthu amene wasonkha zaka 30 isachepere 40 peresenti ya zimene ankalandira. Imeneyo ndi yongoti munthu asagwere pansi. Taonani mtunda umene uli pakati pa 40 ndi 80. Penapake pamenepo ndi pamene pali inuyo, kapenanso muli kunja kwake, ndipo peresenti payokha singakuuzeni.

Vuto langa ndi njira yachiduleyi ndi loti imayambira pa malipiro. Anthu awiri olandira mofanana, wina wamaliza kulipira nyumba ndipo ana ake akudzidalira, wina akukhala ya lendi ndipo ali ndi mwana wazaka 10, sangafune ndalama zofanana. Ndiye ife tiyambira kwina: pa ndalama zimene zimatuluka m'thumba mwanu.

Choyamba, dziwani zimene zikutuluka lero

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ambiri amafuna kupalumpha. Kwa miyezi itatu, lembani ndalama iliyonse imene yatuluka pakhomo panu. Osati imene munakonza kuti ituluke, koma imene yatulukadi. Lembani madzulo aliwonse, chifukwa mukadikira kumapeto kwa sabata mudzakhala mutaiwala tating'onoting'ono, pamene tating'onoting'onoto ndi timene timathetsa ndalama mwakachetechete. Ngati mumagwiritsa ntchito banki kapena kulipira pafoni, tengani ndondomeko ya chaka chonse ya zolowa ndi zotuluka, ikuchepetserani ntchito.

Kenako kumbukirani zimene sizibwera mwezi ndi mwezi: inshuwaransi ya pachaka, kukonzetsa galimoto, msonkho wa nyumba kapena malo, zovala, mphatso za paukwati, maulendo a mwadzidzidzi. Ziphatikizeni zonse za chaka, gawani ndi 12, muike pa mwezi. Ine nditachita zimenezi koyamba, zimene zinandidzidzimutsa sizinali zapamwezi ayi, koma zapachakazi, zomwe m'maganizo mwanga ndinkaziona ngati ngozi zongogwa kamodzi, chikhalirecho zimabwera chaka chilichonse.

Pali mzere umodzi umene anthu amachita nawo manyazi kuulemba: ndalama zothandizira ena. Makolo okalamba, m'bale amene ntchito inamuthera, mwana wa m'bale wanu amene mumamulipirira sukulu. Ulembeni mzerewu monga mmene ulili. Kuthandiza abale si cholakwa chofuna kubisa, ndipo tsiku limene mudzapume pa ntchito, iwo sadzasiya kukuimbirani foni.

Kuti tiziyendera limodzi, tiyerekeze kuti banja lina lapeza kuti pamwezi pamatuluka 1,000. Sinditchula kuti ndi ndalama ya dziko liti, inu muziikapo nambala zanu.

Chachiwiri, onani tsiku wamba la moyo umene mukufuna

Sindikunena tsiku laphwando lotsanzikana ndi anzanu a kuntchito. Ndikunena Lachiwiri lina lake, patatha zaka zitatu mutapuma. Mwadzuka m'nyumba iti? Ndi yanu kapena ya lendi? Muli mumzinda womwewo kapena munasamukira kumene moyo ndi wotchipa? Chipatala chili patali bwanji? Mukuyendetsabe galimoto? M'nyumbamo muli anthu angati? Masana mukuchita chiyani, nanga chimenecho chikudya ndalama kapena chikubweretsa?

Ngati muli pabanja, aliyense alembe mayankho ake payekha, kenako muwaike pamodzi. Mabanja ambiri amadzazindukira mochedwa kuti bambo ankalota zokakhala kwa phee kutali ndi mzinda, pamene mayi ankafuna kukhala pafupi ndi zidzukulu. Maloto awiriwa mtengo wake ndi wosiyana, ndipo ndi bwino kukangana lero papepala kusiyana ndi kudzakangana katundu ali kale pagalimoto.

Chachitatu, chotsani ndi kuwonjezera

Tsopano tengani mndandanda wa lero uja, muyende nawo mzere ndi mzere, mukufunsa kuti kodi ichi chidzatha, chidzachepa, chidzakhala chimodzimodzi kapena chidzakula.

Zina zimathadi. Ulendo wa tsiku ndi tsiku wopita kuntchito, zovala za kuntchito, chakudya chogula masana. Ngongole ya nyumba imatha ngati mudzakhale mutaimaliza, koma onetsetsani tsiku lenileni lomaliza pa mapepala a ngongoleyo, musangoganizira. Fizi ya ana imatha ngati wotsiriza adzakhale atamaliza maphunziro. Werengani zaka zake: mwana amene anabadwa inu muli ndi zaka 42 adzakhala ndi zaka 18 zokha inu mukamadzakwanitsa 60.

Zina zimakula, ndipo chachikulu pa zonse ndi chipatala. Anthu ambiri apantchito sadziwa mtengo weniweni wa thandizo lachipatala chifukwa olemba ntchito amawalipirira gawo lina la inshuwaransi. Mukapuma, gawo limenelo limagwera inu, ndipo nthawi zambiri makampani a inshuwaransi amakweza mtengo munthu akamakula. Funsani lero lomwe kuti munthu wazaka 65 ndi wazaka 75 amalipira zingati pa ndondomeko yonga yanuyo, ndiponso kuti ndi zinthu ziti zimene salipirira. Magalasi a maso, mano, zothandizira kumva ndi mankhwala akumwa tsiku lililonse a matenda monga shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zimenezi ziikeni pamzere wakewake. Ngati m'banja mwanu muli matenda otengera kumtundu, musayerekeze kuti inu adzakulambalalani.

Nyumba nayonso imakalamba limodzi ndi mwini wake. Denga limadontha, mapaipi amaphulika, ndipo ntchito zimene lero mumakwera nokha pamakwerero n'kuzichita, mawa mudzalipira munthu. Ambiri amaika pambali pafupifupi 1 peresenti ya mtengo wa nyumba chaka chilichonse kuti ikhale yokonzetsera. Onjezeraninso zimene mumapeza kwaulere chifukwa cha ntchito: foni, intaneti, mafuta a galimoto, mwina nyumba imene. Tsiku lobweza makiyi a ofesi, zonsezi zimatsala komweko.

Banja lathu lija lachotsa 200 ya ngongole ya nyumba, 150 ya fizi ndi 80 ya ulendo wa kuntchito. Lawonjezera 120 ya chipatala, 60 yokonzetsera nyumba ndi 50 ya maulendo okaona ana. Pa 1,000 paja patsala 800 pamwezi, kutanthauza 9,600 pachaka. Kwa iwo zagwera pa 80 peresenti ya zimene amagwiritsa ntchito lero. Kwa inu zitha kugwera pa 60 kapena pa 110, ndipo nambala yanuyo ndiyo yoona.

Musanachoke apa, dulani mndandandawo pawiri. Mbali imodzi ikhale ya zinthu zoti popanda izo moyo suyenda: pogona, chakudya, magetsi, madzi, mankhwala. Mbali ina ikhale ya zokometsera moyo, zimene chaka chikavuta mutha kuziimika kaye. Kugawaku kudzagwira ntchito kutsogoloku. Dziwaninso kuti zaka zopuma sizidya ndalama mofanana. Zoyambirira munthu amakhala ndi mphamvu, amayenda, amayamba tintchito tatsopano. Zapakati amakhazikika ndipo ndalama zimatuluka zochepa. Zakumapeto zimatha kukweranso chifukwa cha matenda ndi kufuna munthu wokusamalirani. Musachepetse nambala yanu podalira zaka zapakatizo, chifukwa zimene mungapulumutse pamenepo zidzafunika kumapeto.

Chachinayi, kukwera kwa mitengo

Nambala ya 800 ija ndi ya mitengo ya lero. Pali kanjira kosavuta koonera mmene mitengo idzaisinthire: gawani 72 ndi peresenti imene mitengo ikukwerera pachaka, yankho lake ndi zaka zimene zimatenga kuti mitengo iwirikize kawiri. Ikamakwera ndi 3 peresenti, ndi zaka 24. Ikamakwera ndi 6 peresenti, ndi zaka 12. Ikafika 20 peresenti, zaka zake sizikwana n'komwe 4.

Tinene kuti banja lathu latsala ndi zaka 15 kuti lipume, ndipo mitengo ikukwera ndi 5 peresenti pachaka. Moyo wa 800 uja udzafuna pafupifupi 1,660 pamwezi pa tsiku lopuma, ndipo patatha zaka zina 20 udzafuna kupitirira 4,400. Moyo wake ndi womwewo, palibe chimene awonjezera. Pofuna peresenti yoti mugwiritse ntchito, musatenge ya chaka chino chokha. Onani ya zaka 10 kapena 20 zapitazi m'dziko limene mudzakhale, imene imapezeka ku banki yaikulu ya dzikolo kapena ku ofesi yoona za ziwerengero.

Kuti mutu usazungulire ndi nambala zikuluzikulu, ine ndimakonda kuwerengera zonse m'ndalama za lero, kenako pa phindu lililonse limene ndikuyembekezera ndimachotsapo kukwera kwa mitengo. Ngati banki ikukupatsani chiwongoladzanja cha 8 peresenti pamene mitengo ikukwera ndi 5, phindu lanu lenileni ndi pafupifupi 3. Ngati mitengo ikukwera ndi 10, ndalama zanu zikuchepa mphamvu ngakhale nambala ya m'buku ikukula.

Chachisanu, ndi zaka zingati?

Palibe amene amadziwa tsiku lake, koma pali cholakwika chimodzi chopeweka. Anthu amamva kuti m'dziko mwawo munthu amakhala ndi moyo zaka zakutizakuti, n'kuchotsapo zaka zopumira pa ntchito, n'kupeza kuti zotsala ndi zochepa. Nambala imeneyo amaiwerengera kuyambira pobadwa, ndipo imatsitsidwa ndi imfa za makanda ndi achinyamata. Inu amene mwafika kale pa 60 muli pa chiwerengero china. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2019 munthu wazaka 60 ankayembekezeka kukhalanso zaka pafupifupi 21, tikaphatikiza maiko onse. Imeneyo ndi nambala yapakatikati, ndiye kuti ambirimbiri amaipitirira. Pafupifupi kulikonse amayi amakhala nthawi yaitali kuposa abambo, ndipo pabanja ndalama ziyenera kufikira amene adzatsale. Werengerani mpaka zaka 90, kapena 95 ngati kwanu anthu amakalamba kwambiri.

Chachisanu ndi chimodzi, zimene zidzalowe mosakayikitsa

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Pamndandanda uwu lembani zokhazo zimene muli nazo umboni.

Yambani ndi penshoni. Pemphani kalata kwa oyendetsa thumba lanu la penshoni yosonyeza zimene zasonkhanitsidwa ndi zimene akuyembekezera kudzakupatsani. Penshoni zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Ina imalonjeza ndalama yapamwezi yowerengeredwa kuchokera pa malipiro anu ndi zaka zimene mwagwira. Ina silonjeza kanthu, imangokusungirani zimene inu ndi olemba ntchito mwasonkha pamodzi ndi phindu lake, ndipo zikatha zatha. Dziwani kuti yanu ndi iti. Kenako funsani mafunso atatu awa, ndipo yankho akupatseni lolemba: kodi ndalama yapamweziyo imakwera mitengo ikakwera? Kodi ine ndikamwalira, mkazi wanga kapena mwamuna wanga adzalandira gawo lanji? Kodi amadulapo msonkho wochuluka bwanji? Funso loyambalo ndi lolemera kwambiri. Penshoni yosakwera, pamene mitengo ikukwera ndi 5 peresenti, imataya theka la mphamvu yake m'zaka 14 zokha. Ngati munagwirapo ntchito m'malo angapo, fufuzaninso ndalama zimene zinatsala kumeneko, chifukwa ambiri amaziiwala.

Nyumba ya lendi muiwerengere miyezi 10 pachaka, osati 12, popeza pamakhala miyezi yopanda munthu, olipira mochedwa ndi zokonzetsa. Bizinesi imene simunayambe musailembe. Imene ilipo kale, dzifunseni ngati ingayende inu mutagona m'chipatala miyezi itatu. Cholowa chimene mukuyembekezera musachilembe. Thandizo la ana nalonso ndikupempha kuti musalilembe, osati chifukwa sakukondani, koma chifukwa nawo adzakhala ndi ana awo ndi ngongole zawo, ndipo likadzabwera lidzakhale lowonjezera chabe.

Banja lathu lili ndi penshoni ya 300 pamwezi imene imakwera ndi mitengo, komanso kanyumba ka lendi ya 150, kamene tikakawerengera miyezi 10 kakubweretsa 125. Zonse pamodzi ndi 425. Pa 800 paja pakuperewera 375 pamwezi, kapena 4,500 pachaka. Ngati pa ndalama zotapa pa zimene anasunga azidzadulidwa msonkho wa 10 peresenti, afunika kutapa 5,000 kuti m'manja mutsale 4,500.

Apa bwererani ku mndandanda munaudula pawiri uja. Ngati ndalama zosakayikitsazi zikukwanira mbali ya zofunikira zenizeni, mudzagona tulo ngakhale misika itagwa. Ngati sizikukwanira, ganizirani zodzagwiritsa ntchito gawo la ndalama zanu kugula annuity ku kampani ya inshuwaransi: mumawapatsa ndalama yambiri kamodzi, iwo n'kumakulipirani mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Kuipa kwake n'koti ndalamayo simungaitengenso, ndipo ngati ndi yosakwera ndi mitengo, imafooka ngati penshoni ija.

Chachisanu ndi chiwiri, kusandutsa choperewera kukhala mpamba

Funso tsopano ndi loti pakhale ndalama zingati zosungidwa kuti muzitapamo 5,000 chaka chilichonse osazitha. Mu 1994, mlangizi wa zachuma wa ku America, William Bengen, anayesa funso limeneli pa mbiri ya misika ya dziko lake kuyambira 1926. Anapeza kuti munthu amene waika pafupifupi theka la ndalama zake m'masheya (magawo a umwini wa makampani) ndi theka lina m'mabondi a boma (kukongoza boma ndalama n'kumalandira chiwongoladzanja), n'kutapa 4 peresenti chaka choyamba, kenako n'kumakweza ndalama yotapayo molingana ndi mitengo, sakanazitha zaka 30 zisanakwane, ngakhale akanapuma pa nthawi yoipitsitsa. Kutapa 4 peresenti n'chimodzimodzi kukhala ndi mpamba woposa chosowa chanu cha pachaka ka 25. Kwa banja lathu, 5,000 kuchulukitsa ka 25 ndi 125,000.

Nambalayi ndi poyambira pabwino, koma musaitenge ngati lamulo. Inachokera m'dziko limodzi lomwe misika yake inayenda bwino koposa m'zaka zimenezo. Katswiri wina wofufuza za chuma, Wade Pfau, atayesa zomwezo pa maiko 17 olemera mu 2010, anapeza kuti m'maiko ambiri mwa amenewo 4 peresenti ikanawathera ndalama ena amene anapuma pa nthawi zovuta. Kuwerengera kwa Bengen sikunachotsenso ndalama zimene oyendetsa thumba amadula chaka ndi chaka, ndipo 1 peresenti yokha yodulidwa kwa zaka 30 imadya gawo lalikulu. Choncho ngati mudzapume msanga, kapena ndalama zanu zambiri zimangokhala ku banki, kapena mitengo kwanuko imakwera mothamanga, chulukitsani ka 30 kapena kupitirira apo. Kwa banja lathu ka 30 ndi 150,000.

Chimene chinapweteka kwambiri m'mbiri imene Bengen anaiona chinali kupuma chapakati pa zaka za m'ma 1960, chifukwa posakhalitsa masheya anagwa mu 1973 ndi 1974, mitengo nayo ikukwera. Zaka zoipa zikabwera koyambirira, mumakakamizika kugulitsa masheya otsika mtengo kuti mudye, ndipo msika ukamadzadzuka mumakhala mulibe zambiri zodzuka nazo. N'chifukwa chake ndi nzeru kufika tsiku lopuma muli ndi ndalama zokwanira chaka chimodzi kapena ziwiri zili poti mutha kuzitenga msanga, padera pa mpamba uja.

Nambala ikakuopsani

Imaopsadi, makamaka koyamba. Koma onani zimene zimachitika mukaiphwanya. Banja lathu lasunga kale 40,000. Ndalamayi itamakula ndi phindu lenileni la 3 peresenti kwa zaka 15, idzafika pafupifupi 62,000. Kuti ifike 125,000 pakufunika kuwonjezera pafupifupi 280 pamwezi, n'kumaikweza chaka chilichonse molingana ndi mitengo. Atasankha kugwira ntchito zaka zina zitatu, yofunika kusunga pamwezi imatsika kufika pafupifupi 200, ndipo zaka zodya mpambawo zimachepanso ndi zitatu. Mbali ina yogwira ndi choperewera chija. Pa njira yochulukitsa ka 25, kuchepetsa 50 yokha pa zofuna za pamwezi kumachotsa 15,000 pa mpamba wofunika. Kusamukira m'nyumba yaing'ono, kusiya galimoto yachiwiri, kapena kantchito kopepuka ka masiku awiri pasabata m'zaka zisanu zoyambirira, zonsezi zimasuntha nambala kwambiri kuposa kuthamangira malonda olonjeza phindu lodabwitsa. Za malonda amenewo ndinenepo mosabisa: munthu amene waona kuti ndalama zikuperewera ndiye amene akathyali amamusaka, ndipo chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Wina akakulonjezani phindu lalikulu lotsimikizika lopanda chiopsezo, funsani kaye ku bungwe la boma loyang'anira makampani a zachuma ngati ali ndi chilolezo.

Pomaliza yesani nambala yanuyo ndi moyo weniweni. Kwa miyezi itatu, khalani pa ndalama imene mwapeza kuti mudzafuna, kupatula zolipira zimene zidakalipo lero monga fizi ndi ngongole ya nyumba. Ndalama zimene munaikira chipatala ndi kukonzetsa nyumba muziike padera, musazidye. Ngati pofika pa 20 mwezi uliwonse m'thumba mwauma, ndiye kuti penapake munalemba zochepa, bwererani mukapeze mzere wake. Mukamaliza, lembani deti pachikuto cha kopelo, mulisunge pamodzi ndi makalata a penshoni, ndipo mnzanu wapabanja adziwe pamene lili. Mudzalitsegulenso chaka chamawa mwezi womwewo, kapena msanga ngati ntchito yasintha, mwana wabadwa, kapena adokotala akuuzani za matenda amene azifuna mankhwala moyo wonse.